Mpanda Umene Udasanduka Mzinda

Agogo anga aamuna, amene adali mphunzitsi wa pulayimale, adandisiyira buku la mapu lachikuto chothetheka. Adaligula dziko lathu lino likutchedwabe Nyasaland. Pa tsamba la Russia, m'mbali mwa mtsinje wa Volga, pali kadontho kakuda kolembedwa kuti Stalingrad. Nditabwera kuno ku koleji ndidapeza buku lina la mapu m'laibulale, losindikizidwa m'zaka za m'ma 1980. Kadontho kaja kadali pamalo pake pomwe, koma dzina lidali litasanduka Volgograd. Chakumpoto kudali Leningrad, ndipo chakumwera, ku Yugoslavia, kudali Titograd. Pa mapu a lero mizinda iwiriyi ili ndi maina ena, ndipo ngakhale Yugoslavia weniweniyo kulibe. Chimene chidandigwira mtima n'chakuti maina a anthu otchuka ankabwera n'kupita, koma kachidutswa ka kumapetoko, grad, kankangooneka ponseponse: Beograd, Kaliningrad, Višegrad. Kadalinso ndi abale ake ofanana nako nkhope, monga Novgorod, Vyšehrad ndi Stargard.

Chidwi changachi chikadathera mumtima pakadapanda mtsutso umene udabuka pa msonkhano wathu wa alembi masabata apitawa. Mnzathu wina wa chaka chachinayi, wophunzira za mbiri yakale, adanenetsa kuti mbiri yopanda chikalata kapena phale lofukulidwa pansi ndi nthano chabe, yoyenera kukambidwa pamoto ana akamaodzera. Ena adaseka, ena adaomba m'manja, ine ndidasowa choyankha. Tsono yankho langa ndi ili, ngakhale lafika mochedwa. Ndikufuna tilondole liu limodzi limene palibe munthu adalilemba m'masiku amene linkayankhulidwa, kuti tione ngati silingaime ngati mboni ya zimene zidachitika ku Ulaya zaka zoposa 1,000 zapitazo.

Eni ake a liuli ndi Asilavo, mtundu waukulu wa pakati ndi kuvuma kwa Ulaya. Ziyankhulo zao zimagawidwa patatu. Kuvuma kuli za ku Russia, Ukraine ndi Belarus. Kuzambwe kuli Chipolishi, Chitcheki, cha ku Slovakia ndi ziwiri zazing'ono za anthu otchedwa Sorb a ku Germany. Kumwera kuli za ku Bulgaria, North Macedonia, Serbia, Croatia, Slovenia ndi maiko oyandikana nao. Munthu wa ku Russia akafuna kunena mzinda amati gorod, wa ku Belarus amati horad, wa ku Serbia kapena Bulgaria amati grad. Wa ku Poland ali ndi liu lakuti gród, kutanthauza linga la makedzana, pamene Mtcheki amati hrad ponena nyumba yamalinga ya mfumu, monga ija ili pa phiri mu mzinda wa Prague.

Akatswiri a ziyankhulo amati mau onsewa ndi ana a liu limodzi, ndipo amalilemba chonchi: *gordъ. Kanyenyezi ka poyambirirapo ndi chizindikiro cha kuona mtima. Kakunena kuti liuli silidapezeke m'buku lililonse kapena pa mwala uliwonse, koma adachita kulimanga poyerekeza ana ake. Chiyankhulo cha makolo chimene lidachokerako amachitcha Proto-Slavic, ndipo chinkayankhulidwa Asilavo asanadziwe kulemba. Njira yomangira mau motereyi adaitchukitsa ndi August Schleicher wa ku Germany m'buku lake limene lidayamba kutuluka mu 1861, ndipo kwa ife si yachilendo. Carl Meinhof adaigwiritsa ntchito pa ziyankhulo zathu mu 1899, Malcolm Guthrie naikuza m'mabuku ake anayi a pakati pa 1967 ndi 1971. Amene mudachitako maphunziro a ziyankhulo mukudziwa kuti munthu wathuyu, mtu wa Chiswahili, umuntu wa Chizulu, munhu wa Chishona ndi mundu wa Chiyao onse amatibwezera ku tsinde lakuti *-ntu, limene nalonso palibe adalilemba. Ngati timakhulupirira kanyenyezi kathu, tiyeni timvetsere ka anzathu.

Funso loyamba limene munthu wanzeru angafunse ndi ili: bwanji osangonena kuti kholo lidali gorod, kapena grad, poti mau amenewa ndiwo alipo? Akatswiriwa adachiona kuti chilembo cha o patsogolo pa r? Yankho lili m'mau ena. Ng'ombe yaikazi ku Russia ndi korova, ku Poland ndi krowa, ku Serbia ndi krava. Ndevu ndi boroda, broda ndi brada. Khwangwala ndi vorona, wrona ndi vrana. Mutu, umene uli ndi l m'malo mwa r, ndi golova, głowa ndi glava. Mukayala mau otere m'mizere muona kuti saphonyana: pamene wa ku Russia ali ndi oro, wa ku Poland ali ndi ro, ndipo wa kumwera pamodzi ndi Mtcheki ali ndi ra. Izi zikadachitika pa liu limodzi tikadati ndi mwai. Koma zikuchitika pa mau ambirimbiri, ndiye kuti pali lamulo, ndipo payenera kukhala chinthu chimodzi chimene mitundu itatuyi idachokerako.

Kuti tichipeze chinthucho tiyenera kufunsa achinansi. Chiyankhulo cha ku Lithuania ndicho m'bale wa pafupi wa ziyankhulo za Asilavo, ndipo chimadziwika ndi kusunga zakale. Kumeneko ng'ombe yaikazi ndi karvė, ndevu ndi barzda, khwangwala ndi varna, mutu ndi galva. M'mau onsewa lembo la liu layamba, r kapena l n'kubwera pambuyo. Nanga liu lathu lija? Lilipo: gardas, kutanthauza khola lotchingira ziweto. Makolo a anthu a ku Scandinavia ankati garðr ponena bwalo lotchingidwa, ndipo yard wa Chingerezi ndi wa banja lomweli. Achinansi onse akuloza kumodzi, kuti poyamba padali gard kapena gord. Akatswiri ambiri amatinso o wa Asilavo a nthawiyo ankamveka ngati a wamfupi, motero kusiyana kwa ziwirizi n'kochepa.

Mnzathu uja anganene kuti umenewu ndi umboni wa anthu akunja. Chabwino, ulipo wa eni ake. M'mphepete mwa nyanja ya Baltic, kumapeto kwenikweni kwa dziko la Asilavo, kusinthaku sikudafike mokwanira. Ku Poland kuli mizinda ya Stargard, kutanthauza linga lakale, ndi Białogard, linga loyera. Mzinda wa Oldenburg wa m'chigawo cha Holstein ku Germany, Asilavo amene ankakhalako ankautcha Starigard. Umboni wina uli ku Greece. Asilavo adalowa m'dzikolo chakumapeto kwa zaka za m'ma 500 ndi m'zaka za m'ma 600, nakhazikika m'mapiri. Patapita mibadwo chiyankhulo chao chidamezedwa ndi Chigiriki, koma maina a midzi adatsala. Max Vasmer adawasonkhanitsa m'buku lake la mu 1941, ndipo pakati pao pali dzina lakuti Gardiki, kalinga kakang'ono, limene likupezeka m'malo angapo. Agiriki adalimva dzinali r asanasunthe, nalisunga momwemo mpaka lero. Ku gombe la Croatia kudachitika zosiyana. Kumeneko Asilavo adapeza mzinda wa Aroma wotchedwa Scardona, umene udalembedwa m'mabuku a Chilatini. Chiyankhulo chao chitasintha, dzinalo lidasinthira limodzi, ndipo lero ndi Skradin. Apa chikalata chilipo, ndipo chikuvomereza zimene kanyenyezi kadanena.

Nanga chidasunthitsa r n'chiyani? Kwa ife Achewa chifukwa chake n'chosavuta kumva. Phatikizo lililonse la Chichewa limathera ndi lembo la liu, n'chifukwa chake mau a Chingerezi tikawalandira timawamasula mfundo, n'kukhala sukulu, sitolo, buleki. Chisilavo cha makolo nacho chidafika pa msinkhu wakuti sichinkafuna phatikizo lotsekeka. Mu gor-dъ phatikizo loyamba lidatsekedwa ndi r, ndipo aliyense adalitsekula mwa njira yake. A kuvuma adachita monga timachitira ife, adaonjezera lembo la liu n'kukhala go-ro-dъ. A ku Poland adatembenuza malembo n'kukhala gro-dъ. A kumwera ndi makolo a Atcheki adatembenuza natalikitsanso liulo, n'kukhala gra-dъ. Kalembo kachilendo ka kumapetoko kankaimira u wamfupi kwambiri. Kadaleka kumveka pakati pa zaka za m'ma 900 ndi za m'ma 1100, koma a ku Russia adapitiriza kukalemba kumapeto kwa mau mpaka boma la Lenin lidakachotsako mu 1918. Pambuyo pake g adafewa nasanduka h kwa Atcheki ndi anansi ao ena, ndipo ndimo mudabadwira hrad.

Pano ndichenjeze anzanga amene amakonda kugwirizanitsa mau chifukwa chongofanana kamvekedwe. Ku Serbia grad ndi mzinda, koma grad ndi matalalanso. Kodi ndi liu limodzi? Lamulo lija likutiyankha. Likadakhala limodzi, matalala ku Russia akadakhala gorod, ku Poland gród. Koma konseko matalala ndi grad basi. Ndiye kuti liu la matalala lidali ndi ra kuchokera pachiyambi, ndipo si m'bale wa liu lathu. Mizinga ya Grad imene asilikali a Soviet Union adayamba kugwiritsa ntchito mu 1963, imene yagumula nyumba zambiri pa nkhondo ya ku Ukraine, dzina lake ndi la matalala, osati la mzinda. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano tafika pa chimene wophunzira mbiri amafuna koposa: zidachitika liti? Mboni yathu pano ndi dzina la munthu. Karl, mfumu ya Afulanki imene Angerezi amaitcha Charlemagne, adalamulira kuyambira 768 mpaka 814, ndipo adavekedwa chisoti cha ufumu waukulu ku Rome mu 800. Adamenyana ndi Asilavo a ku mtsinje wa Elbe mu 789, ndipo ankhondo ake adalowa ku Bohemia mu 805. Mbiri yake idawanda kotero kuti, monga akatswiri ambiri amanenera, Asilavo adatenga dzina lakelo kukhala liu lotanthauza mfumu. Taonani zimene lidachita: ku Russia ndi korol', ku Poland ndi król, kwa Atcheki ndi král, ku Serbia ndi kralj. Ladutsa njira yomwe ija ya gorod, gród, hrad ndi grad. Dzinali silikadasintha chonchi likadafika kusintha kutatha kale. Ndiye kuti m'masiku a Karl, Asilavo ankanenabe gord. Koma mu 878, m'kalata ya Papa John VIII yopita kwa Boris wolamulira Bulgaria, dzina la Beograd lidalembedwa koyamba, ndipo lidali kale ndi grad. Motero chinthu chimene palibe mlembi adachiona chikuchitika tachitsekera m'kati mwa zaka pafupifupi 100. Mapale ambiri ofukulidwa pansi satipatsa nyengo yothina chonchi.

Tadziwa kamvekedwe kake ndi nyengo yake. Nanga linkatanthauzanji? Poyamba silidali mzinda, pakuti Asilavo oyamba adalibe mizinda. Jordanes, amene adalemba cha m'ma 551, adati kwa iwo madambo ndi nkhalango ndizo zidalowa m'malo mwa mizinda. Procopius, wa m'nyengo yomweyo, adati ankakhala m'tinyumba tosaoneka bwino totalikirana, ndiponso kuti sankalamulidwa ndi munthu mmodzi. Kwa anthu otere *gordъ udali mpanda, malo otchingidwa ndi mitengo. Tanthauzo limeneli silidafe. Dimba la ndiwo ku Russia ndi ogorod, ku Poland munda wa pakhomo ndi ogród, kwa Atcheki ndi zahrada, ku Bulgaria ndi gradina. Ku Ukraine horod wa masiku onse ndi dimba, pamene mzinda amautcha misto. Mayi wa ku mudzi amene akutchinga kabichi wake kuti mbuzi zisadye akugwiritsa ntchito liuli m'tanthauzo lake loyamba.

Zinthu zidasintha m'zaka za m'ma 700 mpaka za m'ma 900, pamene mafumu adayamba kukula mphamvu ndipo nkhondo zidachuluka. Mpanda uja udakula. Anthu ankasankha phiri, chilumba kapena pokhotera mtsinje, n'kukumba ngalande, n'kuunjika khoma la dothi lolimbitsidwa ndi mitengo, pamwamba pake n'kuzika nsichi. M'katimo munkakhala mfumu ndi asilikali ake, nkhokwe ndi amisiri, ndipo anthu a m'midzi ankathawiramo adani akafika. Mlembi wina wa Chilatini wa m'zaka za m'ma 800, amene akatswiri amamutcha Bavarian Geographer, adandandalika mitundu ya kuvuma kwa ufumu wa Afulanki, ndipo mphamvu za mtundu uliwonse adaziyeza powerenga malinga ake. Ku Mikulčice, m'mbali mwa mtsinje wa Morava, ofukula zakale amene adayamba ntchito mu 1954 adapeza linga lalikulu la m'zaka za m'ma 800 lokhala ndi maziko a matchalitchi angapo amiyala. Linga la Prague lidamangidwa cha m'ma 880, la Gniezno ku Poland cha m'ma 940, ndipo maiko awiriwa adakulira pozungulira malinga amenewa.

Apa ndi pamene ana a liu lija adagawana chuma. Ku Russia, Serbia ndi Bulgaria msika ndi nyumba za kunja kwa khoma zidatenga dzina la khomalo, ndiye liu lidasanduka mzinda. Kwa Atcheki ndi ku Slovenia lidatsalira nyumba ya mfumu yokha, ndipo mzinda adaupatsa liu lina lotanthauza malo: město, mesto, ndi miasto ku Poland. Linga likasiyidwa n'kumera tchire, lidalinso ndi dzina lake lochokera pa tsinde lomweli, lofanana ndi bwinja lathu: gorodishche ku Russia, grodzisko ku Poland, hradiště kwa Atcheki. Maina amenewa athandiza ofukula zakale kudziwa pokumba. Novgorod ndi linga latsopano, ndipo makilomita awiri okha kumwera kwake kuli chitunda chotchedwa Gorodishche, pamene padapezeka zinthu zakale kuposa za mu mzindamo. Dzina lidasunga chimene anthu adaiwala.

Kufala kwa maina otere kukuonetsanso kumene Asilavo adafika. Linga loyera likupezeka ku Serbia monga Beograd, ku Croatia monga Biograd, ku Russia monga Belgorod, ku Ukraine monga Bilhorod, ndipo Berat wa ku Albania adachokera pomwepo. Linga la pamtunda ndi Vyšehrad ku Prague, Vyshhorod pafupi ndi Kyiv, Wyszogród ku Poland, Višegrad ku Bosnia, ndi Visegrád ku Hungary, dziko limene chiyankhulo chake si Chisilavo n'komwe. Graz wa ku Austria, kumene lero amayankhula Chijeremani, adali gradec, kalinga. Amalonda a ku Scandinavia amene ankatsika ndi mitsinje ya Russia adalitcha dzikolo Garðar, Novgorod namutcha Holmgarðr. Ndipo mzinda waukulu koposa umene Asilavo ankaudziwa, Constantinople, adautcha Tsargrad, mzinda wa mfumu ya mafumu.

Latsala funso limodzi, ndipo ndilo lidandiyambitsa ulendowu. Ngati a ku Russia amati gorod, bwanji mizinda ya pa mapu a agogo idali Stalingrad ndi Leningrad, osati Stalingorod? Yankho likutitengera ku tchalitchi. Mu 863 abale awiri a ku Thessaloniki, Cyril ndi Methodius, adapita ku Moravia ataitanidwa ndi mfumu Rastislav. Adakonza zilembo natembenuza mabuku a mapemphero m'Chisilavo chimene ankachidziwa, cha kumwera, cha anthu onena grad. Methodius atamwalira mu 885 ophunzira ake adapirikitsidwa, ndipo ambiri adathawira ku Bulgaria. Vladimir wa ku Kyiv atabatizidwa mu 988, mabuku amene adabwera kudzaphunzitsa anthu ake adali a chiyankhulo chomwechi. Kuyambira pamenepo munthu wa kuvuma adakhala ndi mau awiri a chinthu chimodzi: gorod wa kunyumba ndi kumsika, ndi grad wa paguwa ndi m'buku.

Pali umboni wa zimenezi umene ndimaukonda. Buku la Uthenga Wabwino lotchedwa Ostromir, limodzi mwa mabuku akale koposa a Asilavo a kuvuma, lidakoperedwa pamanja mu 1056 ndi 1057 ndi dikoni wina dzina lake Grigorij, polembera nduna yolamulira Novgorod. M'mau opatulika mlembiyu adatsata chiyankhulo cha tchalitchi mosamala. Koma pa tsamba lomaliza, pamene adalemba mau akeake ofotokoza za ntchitoyo, adatchula mzindawo ndi gorod, monga ankautchulira anthu mumsewu. Madzi saiwala khwawa. Mpikisano wa mau awiriwa ukadalipo m'Chirasha. Golova ndi mutu wa pathupi, glava ndi mutu wa buku kapena mtsogoleri wa boma. Gorozhanin ndi munthu wokhala m'tauni, grazhdanin ndi nzika ya dziko. Liu la kumwera lidakhala la ulemu, la m'malamulo ndi m'ndakatulo, ndipo la kunyumba lidatsala la masiku onse.

N'chifukwa chake olamulira adakonda grad. Mzinda umene Peter adauyambitsa mu 1703 udali ndi dzina lomveka Chijeremani, Sankt-Peterburg. Nkhondo ndi Germany itabuka mu 1914, mfumu Nicholas II adausintha kukhala Petrograd, dzina limene mlakatuli Pushkin adali ataligwiritsa kale ntchito mu 1833. Lenin atamwalira mu January 1924 udasanduka Leningrad. Boma limene linkatseka matchalitchi lidalemekeza mtsogoleri wake ndi liu lochokera m'buku la mapemphero. Ndi dzina limeneli mzindawo udapirira masiku 872 utazingidwa ndi ankhondo a Hitler, kuyambira September 1941 mpaka January 1944, anthu miyandamiyanda akufa ndi njala. Tsono pamene nzika zidavota mu June 1991, opitirira pang'ono theka ndiwo adasankha dzina lakale, pakuti kwa ambiri Leningrad silidali dzina la Lenin chabe koma la abale ao amene adafera m'menemo. Chigawo chozungulira mzindawo chikutchedwabe Leningrad mpaka lero.

Tsaritsyn adasanduka Stalingrad mu 1925, nakhala Volgograd mu 1961 pamene Khrushchev ankafafaniza dzina la Stalin. Podgorica adali Titograd kuyambira 1946 mpaka 1992. Koma palibe mzinda udavutika ngati wina wa pakati pa Ukraine, umene udakula pozungulira linga lomangidwa mu 1754. Poyamba udali Yelisavetgrad. Mu 1924 adaupatsa dzina la Zinoviev, mmodzi mwa akuluakulu a chipani. Sergei Kirov ataphedwa mu December 1934, Zinoviev adamangidwa, ndipo mzinda udasanduka Kirovo mwezi womwewo. Mwini dzina lakaleyo adaphedwa poomberedwa ndi mfuti mu 1936. Mu 1939 udakhala Kirovograd, ndipo mu 2016 nyumba ya malamulo ya Ukraine idautcha Kropyvnytskyi, polemekeza mlembi wa masewero. Mwana wobadwira kumeneko mu 1920, akadakhala ndi moyo zaka 96, akadakhala m'mizinda isanu osasamuka pakhomo pake.

Kumene mau athu awiri aja amakumana ndi ku Baltic. Mzinda wa Königsberg, phiri la mfumu, udayambitsidwa mu 1255 ndipo udatchedwa choncho polemekeza Ottokar II wa ku Bohemia. A ku Poland ankautcha Królewiec, kuchokera ku król, dzina la Karl lija. Soviet Union itaulanda pa nkhondo yachiwiri, mu 1946 idautcha Kaliningrad. Mu 2023, nkhondo ya ku Ukraine ili m'kati, boma la Poland lidaleka kugwiritsa ntchito dzinali m'Chipolishi n'kubwerera ku Królewiec, ndipo a ku Moscow adakwiya nazo. Maboma awiri a m'masiku athu ano adakangana pa mau awiri amene makolo ao ankawatchula mofanana Karl ali moyo.

Tsono ndibwerere kwa mnzathu uja. Ndikuvomera kuti liu la kanyenyezi silingatiuze dzina la mfumu kapena tsiku la nkhondo. Zimenezo n'za chikalata. Koma chikalata chimalembedwa ndi munthu wodziwa kulemba, ndipo kawirikawiri munthuyo amadya kwa mfumu. Jordanes ndi Procopius adawaona Asilavo ndi maso a adani. Liu lokha ndilo lidachokera m'kamwa mwa eni ake. Latiuza kuti adayamba ndi mpanda wa ziweto ndi ndiwo, kuti adafika ku Greece ndi ku Austria, kuti m'masiku a Karl ankayankhulabe pafupifupi chimodzimodzi kuchokera ku Baltic mpaka ku Adriatic, ndiponso kuti Chikhristu chidalowa ku Russia kudzera kumwera. Chilichonse mwa izi tingachiyese ndi umboni wina, ndipo pamene chikalata chilipo, monga pa Scardona, ziwirizi zikugwirizana. Nthano siyesedwa motero. Ife amene mbiri ya makolo athu yambiri sidalembedwe tiyenera kukhala omaliza kunyoza mboni yotere.

Buku la agogo lija ndikadali nalo. Tsiku lina ndidatenga pensulo kuti ndikonze dzina la pa Volga, koma ndidaleka, poona kuti mapu amenewo ndi chikalata cha nthawi yake, ndipo theka la dzinalo silidalakwike. Ndidzabwera nalo ku msonkhano wathu wotsatira, ndipo mnzathuyo ngati ali ndi mau, masamba a magazini ino ndi ake.